Titanic sinamire mu Shire

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapeza msuweni wanga atakhala pakhonde kwathu ku Blantyre, laputopu ili pamiyendo, akumwetulira yekha ngati wotola ndalama. Iyeyu ali chaka chachinayi, akuphunzira uinjiniya wa zomangamanga, ndipo pabanja pathu ayamba kale kumutchula kuti "a injiniya" ngakhale sanamangepo n'khola la nkhunda lomwe. Nditamufunsa chomwe chamusangalatsa, anati wangomaliza kuphunzitsa kompyuta kulosera kuti ndani anapulumuka ndipo ndani anafa pa sitima ya Titanic, ija inamira m'nyanja ya Atlantic mu 1912. Akuti pa anthu 10 alionse, kompyutayo inkalondola pa anthu pafupifupi 8.

"Asuweni, imeneyi ndiye data science," anatero. "Inu a mbiri yakale muzingofukula mafupa, dziko likupita uku."

Nthawi imeneyo n'kuti mvula ikukhuthuka. Chapafupi pomwepo, kalavati wa pamsewu wathu anali atamira kale, madzi akudutsa pamwamba, amayi ochokera kumsika akuwoloka nsapato zili m'manja. Zimachitika chaka ndi chaka. Ndinamufunsa ngati makina akewo angatiuze kukula kwa kalavati woyenera pamalopo. Anaseka. "Deta yake ili kuti?"

Iye ankaona ngati funso limeneli latseka nkhani. Ine ndikuti nkhani yonse yagona pomwepo, ndipo kosi iliyonse ya data science yophunzitsa mainjiniya athu imayenera kuyambira pa funso limeneli tsiku loyamba.

Ndinene msanga mbali yomwe ndili, poti ena amathamangira kuyankha asanamve. Sindikugwirizana ndi aja amati injiniya weniweni ndi wa nsapato zamatope basi, za kompyuta n'zamasewera. Chilichonse chomwe injiniya amamanga chimatsamira pa manambala: mvula idzagwa yochuluka bwanji, malole angati adzadutsa, dothi lingasenze katundu wolemera motani. Akalakwitsa nambala, simenti singamupulumutse. Choncho aphunzire ndithu Python, aphunzire masamu a ziwerengero, aphunzire kusanthula zikwi za manambala zomwe munthu sangazithe ndi pensulo. Chomwe ndikulimbana nacho ndi kaphunzitsidwe kofala kaja, komwe kamapatsa wophunzira tebulo losesedwa kale la kudziko lina, n'kumuuza kuti adine apa ndi apo, kenako n'kumupatsa satifiketi.

Kwa ambirife mawu oti deta amatanthauza bandulo yomwe imatha nthawi yolakwika. Kwa anzathuwa ndi ziwerengero zosonkhanitsidwa, ndipo data science ndi luso lozitolera, kuzikonza, kuzifufuza ndi masamu komanso kompyuta mpaka zitaulula kanthu. Koma taonani zomwe oyamba kumene amapatsidwa, pafupifupi padziko lonse. Anthu 891 a mu Titanic omwe ali pa Kaggle. Maluwa 150 amtundu wa iris omwe Ronald Fisher anagwiritsa ntchito mu 1936. Mitengo ya nyumba m'madera 506 a ku Boston ya m'zaka za m'ma 1970. Mphunzitsi akafuna kusonyeza kuti akukumbukira kuti m'kalasimo muli mainjiniya, amatulutsa tebulo lotchuka la I-Cheng Yeh wa ku Taiwan, momwe muli zotsatira 1,030 za kuyeza kulimba kwa konkire. Matebulo onsewa ali ndi khalidwe limodzi: munthu wina anavutika nawo kale. Zili ngati kuphunzitsa mwana kuphika nsima pomupatsa ufa wosefa kale, madzi otentha kale, moto woyaka kale, iye n'kungovundula. Tsiku lomwe adzapeze chimanga chili m'nkhokwe, anthu adzagona ndi njala.

Tengani tebulo la konkirelo. Simenti, madzi, mchenga ndi miyala zonse zalembedwa m'makilogalamu, mwadongosolo. Tsopano pitani pamalo omwe akumanga sukulu kapena kamlatho kumudzi. Muyezo wake ndi wilibala ndi fosholo. Mchenga wachokera mumtsinje, nthawi zina uli ndi dothi. Miyala anaswa ndi hamala amayi a m'mbali mwa msewu, ina ikuluikulu ina timatima. Madzi amathira ndi ndowa mongoyang'ana, ndipo wosakaniza amakonda kuwonjezerako kuti fosholo ipepuke, pomwe madzi ochuluka ndi omwe amafooketsa konkire. Inde, pa ntchito yolongosoka amaumba timabokosi ta konkire n'kukatiphwanya pa makina patatha masiku 7 ndi 28 kuti aone kulimba kwake. Koma anaumba ndani? Anatapa pa konkire yomwe inalowa m'chipilala, kapena anasakaniza ina yapadera podziwa kuti ikukayezedwa? Kompyuta singafunse funso limeneli. Ukaipatsa manambala, idzakubwezera yankho looneka bwino, lokhala ndi kadontho ndi manambala awiri kutsogolo kwake, ndipo kadontho kameneko kamagonjetsa anthu pamsonkhano.

Vuto lake si kungotaya nthawi. Wophunzira amene wakulira pa matebulo oyera amatengera khalidwe loipa, lokhulupirira kuti chomwe chili m'tebulo ndi chomwe chinachitika. Khalidwe limeneli silioneka pa mayeso. Limadzaonekera pa mtsinje.

Ife a mbiri yakale amatiseka kuti digiri yathu siidyetsa, koma pali chinthu chimodzi chomwe amatikhomerera kuyambira chaka choyamba mpaka chimalowa m'magazi. Ukapeza chikalata, usanachikhulupirire uzifunsa: analemba ndani, liti, ankalembera yani, ankaopa chiyani, ndipo wasiya chiyani? Kumalo osungirako zolemba zakale za boma ku Zomba kuli malipoti a mabwanamkubwa ndi ma DC a nthawi ya atsamunda, odzaza ndi manambala a anthu ndi nyumba. Wongoyamba kumene amakopera n'kunena kuti boma lakuti linali ndi anthu akuti. Wophunzitsidwa amakumbukira kuti kuwerengako kunkayendera limodzi ndi msonkho wa nyumba, ndipo munthu wanzeru akamva kuti owerenga akubwera sankakhala pakhomo kuwadikira. Nambalayo si bodza, koma ikunena za anthu omwe anapezeka, osati omwe analipo. Luso limeneli ndi lomwe ndikuona kuti likusowa pa laputopu ya msuweni wanga, ndipo iye akulifuna kuposa ine, chifukwa ine ndikalakwitsa ndimangotaya malikisi.

Tiyeni ku mvula, poti kalavati uja akudikira. Ziwerengero zambiri za mvula zomwe dziko ngati lathu lili nazo zinachokera kwa munthu amene ankadzuka m'mawa uliwonse, kupita pa kachitini koyezera mvula, kuthira madzi m'kabotolo kokhala ndi mizere, n'kulemba m'kaundula. Anthu amenewa ndi ofunika kuwavulira chipewa. Koma ndi anthu. Amadwala, amapita kumaliro, amasamutsidwa, kaundula amanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe. Pamene zolembazo zikulowa m'kompyuta, masiku ena amakhala opanda kanthu. Wina amasiya mpata, wina amalemba ziro, wina amaika nambala yachilendo ngati -999 kusonyeza kuti palibe chinalembedwa. Ziro wotanthauza kuti kunalibe mvula ndi ziro wotanthauza kuti kunalibe munthu amaoneka chimodzimodzi.

Kosi ya pa intaneti ili ndi mankhwala ake achangu: mipata yonse itsekeni ndi avereji. Ndi mzere umodzi wokha mu Python, ndipo msuweni wanga anachita zomwezo ndi zaka za anthu a mu Titanic zomwe sizinalembedwe. Pa Titanic palibe amene afenso kachiwiri. Koma dzifunseni kuti ndi tsiku liti lomwe woyeza mvula angalephere kufika pa kachitini kake. Mwa masiku onse, lomwe lingamulepheretse kwambiri ndi lija njira yasanduka mtsinje, denga lake lasasuka, akuthamangitsa ana kupita kumtunda. Ndiye kuti tsiku losowalo likhoza kukhala lomwe injiniya akulifunitsitsa, ndipo iye walifufuta n'kuikapo mvula yapakatikati.

Pa mitsinje ndiye zimanyanya. Kuchuluka kwa madzi oyenda mumtsinje sikuyezedwa mwachindunji tsiku lililonse. Amaimika chitsulo chokhala ndi manambala m'mphepete, wina n'kumawerenga pomwe madzi afika, kenako amagwiritsa ntchito mzere wa masamu wosandutsa msinkhuwo kukhala kuchuluka kwa madzi pa sekondi. Mzerewo unapangidwa poyeza mtsinje masiku omwe munthu akanatha kuuyandikira. Madzi akasefukira koopsa palibe amalowamo ndi chipangizo, choncho gawo lapamwamba la mzerewo ndi longoyerekeza. Onjezani kuti mitsinje yathu ikukwiririka ndi mchenga wochokera m'mapiri ometedwa, ndiye msinkhu womwewo lero sukutanthauza madzi omwewo a zaka 20 zapitazo. Ndipo chigumula chachikulu kwambiri chimazula chitsulocho n'kupita nacho.

Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, katswiri wa masamu Abraham Wald anagwira ntchito yofufuza malo omwe ndege zankhondo zimafunika kutetezedwa kwambiri. Ndege zobwerako zinali ndi mabowo a zipolopolo m'malo ena ambiri, m'malo ena ochepa. Wald anazindikira kuti zomwe akuziona ndi ndege zopulumuka zokha. Zomwe zinawomberedwa malo oopsa sizinabwere kudzawerengedwa. Nkhaniyi imakambidwa m'makosi ambiri a data science ngati nthano yokometsera phunziro, kenako kalasi imabwerera ku maluwa a Fisher. Kwa ife si nthano. Zolemba za mitsinje yathu ndi ndege zobwerako.

Ngakhale kaundula atakhala wathunthu, pali msampha wina. Kachitini kamanena mvula ya tsiku lonse. Koma mamilimita 80 ogwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi osiyana kutali ndi mamilimita 80 okhuthuka pa ola limodzi. Oyambawo nthaka imamwa, achiwiriwo amagumula mpanda. M'tebulo onse ndi 80. Njira yodziwika yowerengera madzi ofika pa kalavati wamng'ono imachulukitsa zinthu zitatu: kukula kwa dera lomwe madzi akuchokera, mphamvu ya mvula pa kanthawi kochepa, ndi nambala yosonyeza gawo la madzi lomwe limathamanga pamwamba osalowa pansi. Nambala yachitatuyi wophunzira amaitenga m'buku: nkhalango yakuti, udzu yakuti, malata ndi phula yakuti. Tsopano yang'anani phiri la Ndirande kapena la Soche. Akuluakulu amene anakulira mu Blantyre akuuzani kuti munali mitengo yothithikana. Lero ndi nyumba, malata ndi nthaka yagwa. Kalavati amene anawerengeredwa nthawi ya mitengo akulandira madzi a nthawi ya malata, ndipo theka la kamwa lake latsekeka ndi majumbo ndi mabotolo. Palibe buku la ku London lomwe lili ndi nambala ya majumbo.

Pali mawu ena omwe mainjiniya amakonda ndipo amasokoneza anthu: chigumula cha zaka 100. Ambiri amamva ngati chikabwera chaka chino ndiye tapuma mpaka zidzukulu. Tanthauzo lake ndi loti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 100 woti chichitike. Mukawerengera, pa zaka 30 mwayi woti chichitike kamodzi kapena kuposa ndi 26 pa 100, ndipo pa zaka 50 ndi pafupifupi 40 pa 100. Mlatho womangidwa kuti ukhale zaka 50 ukhoza ndithu kukumana nacho. Nanga kukula kwa chigumulacho amakudziwa bwanji ngati zolemba zomwe zilipo ndi za zaka 25 kapena 30? Amatenga madzi okwera kwambiri a chaka chilichonse, kuwayala pa mzere wa masamu ngati uja wotchedwa dzina la Emil Gumbel, n'kuutalikitsa kupita komwe palibe munthu anayezako. Si ufiti, ndi njira yovomerezeka. Koma yankho lake loona si nambala imodzi; ndi "pakati pa apa ndi apo", ndipo mpatawo umakhala waukulu. Wophunzira amene sanaphunzitsidwe kunena mpatawo mokweza pamaso pa bwana wofuna kuchepetsa mtengo wa ntchito sanaphunzire data science, ngakhale atadziwa Python ngati Atate Wathu.

Masamu onsewa amaganiza kuti mawa lidzafanana ndi dzulo. Mu 2008 gulu la akatswiri a zamadzi linalemba m'magazini ya Science kuti ganizo limeneli latha ntchito chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Ife sitikufunika magazini kuti tikhulupirire. Tinaona madzi osefukira a Januwale 2015. Tinaona a Malichi 2019, nthawi ya Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira kuwerengera mayeso pa tochi ya foni. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene bungwe loona zanyengo padziko lonse linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba anthu ali momwemo. M'dziko muno anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo misewu ndi milatho kum'mwera zinaduka moti thandizo linkalephera kufika.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Ana atadutsa, asayansi a gulu la World Weather Attribution anafufuza ngati kusintha kwa nyengo kunakulitsa mvulayo ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Anapeza kuti inde, koma analephera kunena kuti kunakulitsa motani, chifukwa zolemba za mvula za zaka zambiri zomwe akanagwiritsa ntchito zinali zochepa kwambiri. Akatswiri okhala ndi makompyuta amphamvu kuposa a sukulu iliyonse kuno anagwa pa funso lomwe lija la pakhonde. Ndiye wina azindiuza kuti chomwe wophunzira wathu akusowa kwambiri ndi njira yachisanu yolosera omwe anamira mu 1912?

Apa mpomwe mbiri yakale imaleka kukhala yofukula mafupa. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ndipo siteshoni ya Nkula inayamba kugwira ntchito mu 1966. Munthu atatenga ziwerengero za mtsinjewu kuyambira chaka chimenecho, kompyuta idzamuuza kuti Shire sauma. Koma kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, Nyanja ya Malawi inatsika moti madzi anasiya kutuluka kulowa mu Shire. Zaka pafupifupi 20. Nyanja yomweyo mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Harold Edwin Hurst, amene anatha zaka zambiri akufufuza mtsinje wa Nile, anasonyeza mu 1951 kuti zaka zamadzi ambiri zimakonda kutsatizana, zachilala nazonso chimodzimodzi, ndipo damu lowerengeredwa pa zaka zochepa likhoza kukhala lolakwika kwambiri. Anatha kuona zimenezi chifukwa Aiguputo analemba msinkhu wa Nile kwa zaka mazanamazana. Chomwe tebulo lako likuuze chimadalira chaka chomwe layambira, ndipo chakacho anasankha ndi munthu.

Ife tilibe zolemba za zaka mazana, koma si kuti tilibe chikumbumtima. Tili ndi dzina la chinthu chija chimatsika m'phiri: Napolo. Anthu a ku Zomba amakamba za 1946. A ku Phalombe amakamba za Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi. Steve Chimombo analemba ndakatulo za Napolo, ife timaziwerenga m'kalasi ya zolembalemba, mainjiniya sazimva n'komwe. Sindikunena kuti injiniya akhulupirire kuti pansi pa phiri pali chinjoka. Ndikunena kuti gogo amene akuloza nthambi ya mtengo wa mango n'kunena kuti madzi anafika apa chaka chomwe anabadwa mwana wake wachiwiri wapereka msinkhu ndi chaka, zinthu ziwiri zomwe masamu a Gumbel akuzifuna. Ku Passau, m'dziko la Germany, pakhoma la holo ya mzinda pali mizere yosonyeza pomwe madzi anafika pa zigumula zosiyanasiyana kuyambira 1501, ndipo akatswiri a zamadzi ku Ulaya amagwiritsa ntchito zizindikiro zotere kutalikitsa zolemba zawo. Kumeneko amati ndi sayansi. Kuno, poti mzerewo uli m'mutu mwa gogo wosadziwa Chingerezi, timati ndi nkhambakamwa. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Amaiwala ndi ife, makamaka tikavala chipewa cholimba chija.

Umboni wa gogo nawonso ndi wofunika kuufunsa mafunso, ndisaname. Anthu amasokoneza zaka, amakokomeza, mtengo umene akuloza mwina si womwe unalipo. Koma njira zoupimira zilipo: kufunsa anthu angapo padera, kumangirira chaka ku chochitika chodziwika monga chisankho cha 1994 kapena njala ya 2002, kufananiza ndi nyuzipepala ndi malipoti akale. Zimenezi zimaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku m'makalasi athu, mbali ina ya mpanda.

Pali funso linanso lomwe tebulo loyera silidzutsa: ndani sanawerengedwe? Cha m'ma 2012 mzinda wa Boston unatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Street Bump. Woyendetsa galimoto akagunda dzenje, foni inkamva kugwedezekako n'kutumiza uthenga ku khonsolo. Nzeru yabwino. Koma Kate Crawford ndi ena anachenjeza kuti malipoti otere adzachuluka komwe kuli anthu okhala ndi galimoto ndi mafoni apamwamba, madera a osauka ndi okalamba n'kuoneka ngati alibe maenje. Ngati zinali zodetsa nkhawa ku Boston, kuli bwanji kuno, komwe ambiri amayenda pansi, pa njinga ndi pa kabaza? Injiniya wowerenga magalimoto okha kuti asankhe msewu woyenera kukonzedwa sadzaona mayi wosenza mtolo wa nkhuni kapena ana owoloka khwawa popita kusukulu, ndipo adzanena ndi mtima woyera kuti manambala ndiwo asankha.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Ena muti woyamba kumene ayenera kuyambira pa zosavuta. Ndavomera: sabata ziwiri za Titanic sizipha munthu. Koma sabata yachitatu apatsidwe mvula ya boma lakwawo ndi mipata yake yonse, ndipo malikisi achuluke pa kufotokoza zomwe wachita ndi mipatayo kusiyana ndi kukongola kwa chithunzi chomwe watulutsa.

Ena muti deta ya kuno siipezeka, maofesi amaumira nayo kapena amafuna kalata ndi ndalama. Pamenepa pali choonadi, ndipo yunivesite ndi imene iyenera kugogoda zitseko zimenezo m'malo mwa mwana wa chaka chachitatu. Komabe si zonse zotsekeredwa. Ziwerengero za mvula za CHIRPS, zopangidwa ku University of California, Santa Barbara pophatikiza zithunzi za setilaiti ndi zoyezedwa pansi, zimayambira 1981 ndipo n'zaulere. Za TAMSAT za ku University of Reading zimayambira 1983. Zili ndi zofooka zake, makamaka pa mvula yamphamvu ya m'mapiri, ndipo kufufuza zofookazo pozifananiza ndi kachitini ka pansi ndi phunziro labwino kuposa maluwa alionse. Mu 2020 UNICEF inathandiza kutsegula African Drone and Data Academy m'dziko muno, kutanthauza kuti achinyamata odziwa kujambula dera kuchokera m'mwamba alipo kale. Ndipo chosavuta kuposa zonse: kachitini koyezera mvula si galimoto. Digiri ya uinjiniya imatenga zaka zisanu. Kalasi iliyonse itapatsidwa khwawa limodzi, kuyeza mvula, kulemba msinkhu wa madzi, kujambula makalavati ake, kufunsa okhala m'mbali mwake, n'kusiyira kalasi yotsatira, pakutha pa zaka 10 tingakhale ndi chuma chomwe palibe angatikopere pa Kaggle. Wophunzira amene anadzukapo yekha mvula ikugwa kukawerenga kachitini, kapena amene anagonereza n'kuyesedwa kulemba nambala yopeka, sadzayang'ananso tebulo ndi maso akale.

Ena muti maphunziro a uinjiniya ndi odzaza kale, mulibe malo. Sindikupempha kosi yatsopano yoikidwa Lachisanu masana. Ophunzirawa amachita kale za madzi, za dothi, za misewu, za kuyeza malo. Deta ili m'menemo. Mphunzitsi wa za madzi ndi wa Python atakhala pansi limodzi kamodzi pa semesita, theka la ntchitoyi latheka.

Ndipo alipo amene muti mwana wa mbiri yakale akudziwa chiyani za milatho, akhale chete. Zoona, sindingawerengere chitsulo cholowa m'chipilala, ndipo sindidzayesa. Koma ndimawoloka. Minibasi yomwe ndimakwera popita kusukulu imadutsa pa milatho yomwe ena anawerengera, ndipo zaka zikubwerazi idzadutsa pa yomwe awerengere anzanga omwe lero tikulimbirana nawo soketi mulaibulale. Amene amadya nsima ali ndi ufulu wonena kuti yapsa kapena ayi.

Tsiku lotsatira mvula itakata, ndinamukoka msuweni wanga kupita kwa agogo oyandikana nafe, amene akhala pamalopo kuyambira kalavatiyo asanaikidwe. Anatilandira, natiloza pakhoma la khitchini yawo pomwe madzi anafika nthawi ya Freddy, kenako mzere wina wotsikirapo wa 2015. Anawonjezera kuti khwawalo kale silinkadutsa pomwe lili lero; linkadzera kuseri, komwe tsopano kuli nyumba zitatu. Msuweni wanga anangoti duu kwa kanthawi, kenako anabwerera kunyumba kukatenga tepi. Anayeza mizere iwiriyo, anayeza kamwa la kalavati, n'kutsegula tebulo latsopano pa laputopu, la mizere iwiri yokha. Atafika pa bokosi lolemba komwe nambala yachokera anaima.

"Asuweni, apa ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti agogo."

"Aphunzitsi akana zimenezo."

Analemba, koma ndinaona kuti waika chizindikiro cha funso kutsogolo kwake. Agogo anafunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti a boma abwera kudzakonza mvula isanathe. Palibe mwa ife anayankha, ndipo kumadzulo mitambo inali itayambanso kuda.